Mthunzi wa Apongozi

A Adamu Hussein anamwalira chaka chatha ku Nkhunga, ndipo amene tinapita kumaliro awo tikanakwana tonse m'boti limodzi. Ndinabwerako mtima ukundiwawa ndipo mpaka lero sunaphwe. N'chifukwa chake ndaganiza zonena za bambo amenewa monga ndinawadziwira ine, popeza onse amene ndinkawasungira chinsinsi anagona kale.

Ine ndine Angella, mkazi wa Leonard. Makolo athu tonse awiri anachokera ku Nkhata Bay n'kudzakhazikika kuno ku Ngala ife tili ana. Zaka zimene matipate inkayamba, aliyense wokhala ndi kangachepe ankadzitcha wabizinesi. Kunabwera bwana wina wa ku Lilongwe ndi boti, makina opopa mpweya otchedwa kompuresa, ndi matanki. Iyeyu sankafuna chambo kapena kampango. Ankafuna mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala ya pansi pa nyanja, kuti azitumiza kunja kwa azungu amene amaweta nsomba m'magalasi n'kumangoziyang'ana. Ife tinkati ndi misala. Kansomba kosaposa chala, ka minga yokhayokha, kankakwera ndege pamene ine ndinali ndisanapondeko ngakhale ku Blantyre.

Misala yomweyo inatilemba ntchito. Ine ndinkasintha madzi m'matanki ndi kulongedza nsombazo m'mapulasitiki. Leonard ankayendetsa boti. A Adamu ndiwo anali kapitawo wa anyamata otsika pansi pa madzi.

Kwawo kunali kwa Malengachanzi. Kuno anabwera kudzakhala chikamwini atakwatira Rukia. Ali mnyamata ankatsika okha pansi kukawonjola makoka akakodwa m'miyala, opanda galasi kumaso, opanda paipi, mpweya wa m'chifuwa basi. Ntchito imeneyo inawaphulitsa khutu lakumanzere, moti ukamalankhula nawo ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana mphamba. Anali amfupi, achifuwa chachikulu, ndipo kumtunda anali munthu wanthabwala. Ankanditcha "mayi wa tinsomba" n'kumandifunsa ngati ana angawo agona bwino. Koma akangoponda m'boti, nthabwala zinkatsala pamchenga pamodzi ndi nsapato zawo.

Ntchito yake inkayenda motere. Kompuresa inkakhala pakati pa boti, ili ndi injini yake ya petulo. Inkakoka mpweya n'kuukankhira m'paipi yaitali, ndipo wotsikayo ankaluma mapeto a paipiyo n'kumapuma ali pansi, akuthamangitsira nsomba m'kaukonde. M'chiuno mwake munkamangidwa chingwe. Paipi ndi chingwecho zinkadutsa m'dzanja lamanja la a Adamu, ndipo ndi dzanja limenelo ankamva zonse: kuti munthu akuyenda, waima, akupempha mgolo wa nsomba, kapena watopa koma akuchita makani. Nthawi yonse imene munthu ali pansi, iwo sankadya, sankamwa, sankayankha nkhani. Leonard, amene pakamwa pake sipatsekeka, ankavutika nazo kwambiri. Tsiku lina atawafunsa anangoti, "Munthu akakhala pansi, ine pakamwa ndilibe. Ndili ndi dzanja lokha."

Mafunde sankawaopa, ng'ona sankaiopa. Chimene ankaopa ndi utsi. Ankati kompuresa ilibe nzeru, imameza chilichonse chimene chili pafupi ndi mphuno yake, ndipo ikameza utsi wa injini yake yomwe imautumiza wonse kwa munthu uja. Wotsikayo samva fungo, samatsamwa, amangoona ngati tulo. Choncho kapaipi kokokera mpweya ankakamangirira pamwamba pa mtengo wa nsungwi, kumtengoko n'kupachikako kansanza koonetsa kumene mphepo ikulowera. Mphepo ikatembenuka, Leonard ankayenera kutembenuza boti. Pamwamba pa makinawo sankalola kuika kanthu, ngakhale malaya onyowa oti aume. Bwana wa ku Lilongwe atanena zoikapo denga la lona, a Adamu anamuuza kuti asankhe pakati pa lona ndi iwo, ndipo lonayo inabwerera ku Lilongwe.

Mwa anyamata awo, waluso kwambiri anali Bakari, mlamu wawo, mchimwene wake wa Rukia. Anali mnyamata wamtali, woseka ndi mano onse, wongokwatira kumene. Mayi ake, mayi Saida, anabereka ana aamuna angapo koma wotsala anali yekhayu. Poyamba anakana kwamtuwagalu kuti mwana wawo azikapuma kudzera m'paipi ngati tayala la njinga. Anadzalola pokhapokha atamva kuti wogwira paipiyo ndi mkamwini wawo.

Tsono muyenera kudziwa kuti a Adamu ndi apongozi awowa anali asanayang'anizanepo m'maso chikwatirireni. Ulemu wa pabanja pamenepo unali wachikale. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'chinangwa. Akafuna kulankhulana, mayi Saida ankakhala kuseri kwa mpanda wa bango, a Adamu n'kunjuta mbali inayo, Rukia ali pakati kunyamula mawu amene onse awiri ankawamva bwinobwino. Tsiku lopereka Bakari ine ndinali pomwepo, ndikupempha moto.

"Uwauze kuti mwanayo ndawapatsa m'manja," anatero mayi Saida.

"Uwauze amayi kuti ndamva," anayankha a Adamu. "Ndikapita naye, ndizibwera naye. Inshallah."

Ulemu umenewo ndinkausirira, ndinkachita kumuuza Leonard kuti aphunzireko. Lero ndikaukumbuka m'mutu mumanditentha.

Kwa nthawi ndithu zinthu zinayenda. A Adamu ankapita ndi Bakari n'kubwera naye, ndipo masana alionse mayi Saida ankaima patali pansi pa mtengo wa mango kudikira boti, akaona mitu yakwana n'kubwerera kumpunga kwawo. A Adamu anafolera nyumba ndi malata, yoyamba m'mudzi wa akazi awo. Anthu anayamikira ndi pakamwa, koma maso awo ndinawaona.

Kenako inafika mvula yoyamba chichitikireni chisankho chija. Inali mvula yoti ikayamba siidziwa kusiya. Bakari ankatuluka m'madzi ozizira n'kukhalanso pamvula ulendo wonse wobwerera, moti ankafika milomo ikunjenjemera, ndipo anayamba chifuwa. Mayi Saida zinawakhudza. Nthawi ya kampeni iwo sanaphonye msonkhano wa chipani chilichonse, osati chifukwa cha ndale, koma chifukwa cha nsalu zaulere. Anali nazo za zipani zonse. Anazitulutsa n'kuzilumikiza ndi singano yapamanja, kunsi kwake n'kusokererako matumba a feteleza kuti dontho lisadutse, m'mbali n'kusiya zolendewera zotchinga mphepo. Anasoka pafupifupi mwezi wathunthu, maso ali ofooka kale. Atsogoleri amene ankatukwanizana pawailesi anapezeka asokedwa tsaya ndi tsaya, onse akumwetulira.

M'mawa wina anabwera kudooko ndi chotchinga mvula cha boti chili pamutu, pamodzi ndi nsungwi zinayi zoimikira. Anachitula pamchenga n'kubwerera kukaima pamango paja. Asodzi anasonkhana, akuseka nkhope zija ndi kuyamikira masokedwe. Bakari anasangalala ngati mwana. Ine ndinayang'ana a Adamu, ndipo ndinaona nkhope yawo itagwa.

Anamukokera Rukia pambali, pafupi ndi matanki anga.

"Chimenechi m'boti sichikwera," ananong'ona.

"Ndiye ndikawauze choncho amayi?" anatero Rukia. "Anthu onsewa akuona? Taonani zala zawo mmene zabookera ndi singano."

"Makina aja safuna denga, Rukia. Ukudziwa."

"Ine ndikudziwa. Iwo sadziwa. Pitani mukawafotokozere nokha ngati mungathe."

A Adamu anapendeketsa mutu kuyang'ana kumango kuja, kenako pansi. Munthu amene anabweza lona wa bwana wake osaphethira analephera kuyenda kamtunda kochepa kukauza mayi wokalamba kuti zikomo, koma ayi. Njira yake yolankhulira zoterozo panalibe. Mkamwini akanayambira pati?

"Kawauze kuti ndathokoza kwambiri," anatero. Kwa Leonard ananena chapansipansi kuti amange, akachimasula akangozungulira mwala wobisa dooko.

Boti linanyamuka lili ndi denga lake la zipani, anthu akuwomba m'manja. Mayi Saida anakweza dzanja pang'ono. Sindinawaonepo akusangalala chotero.

Zapanyanjapo ndikunena monga anandiuzira Leonard, ndipo anandiuza kambirimbiri, nthawi zina ndisanamufunse. Atangozungulira mwala uja mvula inagwa yamphamvu. A Adamu anayamba kumasula chingwe chimodzi, koma Bakari anawagwira mkono.

"Alamu, tisiyeni timve kukoma lero lokha. Amayi akandifunsa ngati ndanyowa, ndikayankhe chiyani?"

Komanso lamba wa kompuresa akanyowa ankaterereka, ndipo pansi pa denga paja anali wouma. A Adamu anaganiza kwa kanthawi. Anatenga kapaipi kokokera mpweya kaja n'kukatulutsira kunja kwa nsalu, kumbali yochokera mphepo, n'kukamanga bwino pansungwi yake. Anapinda zolendewera za mbali ya utsi kuti uzituluka. Anayang'ana kansanza kawo, anayang'ananso, ndipo anamulola Bakari kutsika.

Palibe anganene kuti sanasamale. Koma madzi a mvula ankadikha padenga paja, popeza matumba a feteleza sadontha, ndipo nsaluyo inayamba kulemera. A Adamu anali atafulatira makina, maso ali pathovu la mpweya wa Bakari, dzanja lili papaipi. Leonard anali atawerama kukapa madzi. Nsungwi imodzi inapindika mwakachetechete. Ngodya ya nsalu inatsetsereka n'kuvindikira kapaipi kaja, zolendewera zinagwa, ndipo mphuno ya kompuresa ndi utsi wa injini zinakhala m'thumba limodzi.

Leonard akuti anayamba kumva mutu kulemera, n'kumaganiza kuti ndi njala. Chimene chinamudzidzimutsa ndi mawu a a Adamu, chifukwa munthu ali pansi iwo sankalankhula.

"Leonard, chingwe chafewa."

Anakoka kufunsa, yankho panalibe. Anakokanso. Atacheuka n'kuona nsalu ija ili pamakina, akuti anatulutsa mawu amene Leonard sanawamvepo kwa munthu wamkulu. Anaikhadzula ndi dzanja limodzi, nsungwi n'kuthyoka, ndipo anadumphira m'madzi ndi malaya omwe, khutu lawo lophulikalo osalilabadira. Anatsika motsata chingwe. Anamupeza Bakari atagona chammbali pamwala, choluma chija chikadali m'kamwa, kaukonde kali m'manja.

Ine ndinaliona boti likubwera dzuwa lili pamutu, mvula itakata. Linkathamanga mosayenera, denga palibe. Ndinasiya ndowa n'kuthamangira kumadzi. A Adamu anatsika atamunyamula Bakari pachifuwa, magazi akutuluka m'khutu mwawo mpaka m'khosi. Anamugoneka pamchenga n'kuyamba kumupsinya pachifuwa, ngakhale Leonard anati akhala akutero njira yonse. Sanasiye mpaka amuna awiri anawagwira mapewa.

Ndinaonapo anthu omira, tonse a kunyanja tinawaonapo. Amakhala otuwa, otupa, madzi akutuluka m'mphuno. Bakari sanali choncho. Milomo yake inali yofiira bwino, zikhadabo zofiira, m'manja mofiira ngati mwa khanda. Anali wokongola kuposa mmene analili m'mawa. Ndinagwada n'kumugwira tsaya chifukwa mutu wanga unkakana kuti munthu wooneka chonchi angakhale atapita. Kenako ndinangokhala pansi m'madzi momwemo.

Mayi Saida anabwera kuchokera pamango paja akuyenda, osathamanga. Anthu anawapatukira. Kwa nthawi yoyamba anaima pafupi ndi mkamwini wawo moti akanatha kumukhudza. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mudzutseni, wagona."

Anamuika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu. Koma amuna amene anasambitsa thupi anali ndi maso, ndipo anali ndi akazi kunyumba. Jeneza lonyamulira thupi lisanafike n'kumanda komwe, mudzi wonse unali utamva kuti m'chifuwa mwa Bakari munalibe madzi ndipo magazi ake anali amoyo. Uyu sanamire, ankatero, uyu achita kumutenga. Ndipo wotenga munthu amayamba ndi wachibale. Ndani anali ndi paipi m'manja? Ndani anafolera malata chaka chomwe ena mpunga unawakanika? Anthu omwe ankawomba m'manja m'mawa anayamba kukumbuka kuti a Adamu sankalankhula panyanja, sankadya, ankangoyang'ana kansanza kopachika pamtengo. Kansanza kaja kanasanduka chithumwa. Kusamala konse kumene kunasunga ana awo kunakhala umboni wa kukhwima.

Ine ndinapsa mtima kwambiri. Ndinamuuza Leonard kuti mawa lomwe akaime pabwalo la mzikiti afotokoze za nsalu ija, ndipo akachita mantha ndikanena ndine. Koma m'mawa mwake, tisanamwe n'tiyi yemwe, a Adamu anafika pakhomo pathu, thonje lili m'khutu. Anakana mpando, anakhala pamwala wochapira.

"Leonard, mwauzapo ndani za dzulo?"

"Mayi a kunyumbawa okha, adada."

"Zithere pomwepa."

"Zithere bwanji?" ndinalowerera ine, ulemu nditauiwala. "Mukumva zimene akukunenani kunjaku? Akuti mwadya mlamu wanu. Nkhani yake ndi ya utsi basi, mwana aliyense angaimve. Nsalu ija ndiyo..."

"Nsalu ija anasoka ndani, mayi?"



"Mayi aja atsala ndi chiyani?" anapitiriza. "Panopa ali ndi munthu womuda. Munthu ukakhala ndi womuda umadzuka m'mawa, umadya, umalima. Mukawauza kuti ndi singano yawo, adzada ndani? Sabata sadzaimaliza."

"Nanga inu?"

"Ine ndinalola kuti ikwere m'boti. Ndinkadziwa, iwo sankadziwa. Akamati ndapha, sakunama kwenikweni. Angolakwitsa njira yake."

Ndinawauza kuti zimenezo n'zopusa, Mulungu andikhululukire. Anangopendeketsa mutu n'kundiyang'ana mpaka ndinalonjeza, Leonard nayenso analonjeza. Akutuluka anacheuka n'kufunsa ngati tinsomba ndatisinthira madzi, chifukwa tsiku lapitalo palibe anatikumbuka.

Itatha sadaka, akuchikazi anakhala pansi. Nkhani sinatalike. Malume ake a Rukia anati banja silingasunge munthu amene ana akumuthawa, ndipo mkamwini alibe mizu pamudzi pa eni. A Adamu anafunsidwa ngati ali ndi mawu. Ine ndinali kumbuyo kwa amayi ena, ndikupemphera kuti alankhule. Anati alibe. Rukia anakhala chowerama, osatsutsa, ndipo ndinamuda tsiku limenelo kuposa wina aliyense. Katundu wa a Adamu anamanga ndi Rukia yemweyo: mphasa, malaya, kapu ndi mkeka woswalira. Malata aja anatsala.

A Adamu akudutsa pampanda wa bango uja, mayi Saida analankhula. Sanadzere mwa Rukia.

"Ndinakupatsani m'manja."

A Adamu anatula katundu, ananjuta monga ankachitira kale.

"Munandipatsadi, amayi."

Anadikira ngati pali mawu ena. Panalibe. Ananyamula katundu wawo n'kulowera kumsewu.

Bwana wa ku Lilongwe anabwera kudzatenga makina ake, ndipo bizinesi ya mbuna inathera pomwepo chifukwa panalibenso mnyamata wofuna kuluma paipi. Nsalu ija mayi Saida anaiitanitsa. Anaichapa, anasoka pong'ambika, n'kuimanga pakhonde pawo kuti izitchinga dzuwa. Ndinkadutsa pamenepo popita kuchigayo, ndipo tsiku lina anandiitana kuti ndikhale nawo pamthunzi. Anasisita nsaluyo n'kunena kuti, "Chimodzi chokha chimanditonthoza, mwanangu. Tsiku lomaliza lija mwana wanga mvula sinamuvumbe." Ndinayankha kuti eya, agogo. Kuyambira pamenepo ndinkazungulira njira ina.

A Adamu anakakhala ku Nkhunga. Kwawo kwa Malengachanzi mbiri inali itawatsogolera kale. Anadulako nzimbe, kenako ankasoka maukonde a anthu pansi pa mtengo, koma m'boti sanapondemonso. Mbiri inawapezanso kumeneko, monga imachitira. Asodzi ankawapatsa maukonde chifukwa ankasoka bwino ndi motchipa, koma mwana akadwala m'mudzimo maso ankapita kwa iwo. Kumzikiti ankaswali kumapeto kwa mzere, pambali pawo pali danga. Ine ndi Leonard tinkapitako nthawi zina ndi kampunga. Sanadandaulepo. Ankafunsa za mvula, za ana athu, kenako mosapita m'mbali ankafunsa ngati mayi Saida akudya. Dzanja lawo lamanja linkakhala lopindika pang'ono pabondo, ngati mukudutsabe kanthu.

Mayi Saida anakhala zaka zambiri ndithu. Ankalima, ankadya, ankatukwana dzina la Adamu pamaliro alionse, ndipo anafa ndi ukalamba pamphasa pawo. Ine ndinali nditadikira tsiku limenelo ngati wodikira malipiro. Litangotha tsiku la maliro ndinapita kwa Rukia, amene sanakwatiwenso, ndipo ndinamupeza akupeta mpunga pansi pa nsalu yomwe ija, itathetheka moti nkhope zija sizinkaonekanso. Ndinamukhuthulira zonse: nsungwi, matumba a feteleza, utsi, lonjezo la pamwala wochapira. Ndinkayembekeza kuti agwa pansi. Ndinene zoona, ndinkafuna kuti agwe.

Sanasiye n'kupeta komwe.

"Anandiuza tsiku lomwelo, tikuchokera kumanda," anatero. "Iwo ankafuna akawafotokozere amalume. Ndine ndinawagwira miyendo kuti asanene."

 Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti chinsinsi tili nacho atatu, ndipo ndinkamuona mayiyu ngati mbuli yotaya mwamuna wabwino. Osadziwa kuti anamanga katundu uja akudziwa zonse, ndipo anakhala pansi pa nsalu imeneyi tsiku ndi tsiku, akumva mayi ake akutukwana munthu amene ankawasunga ndi moyo.

"Rukia, unatha bwanji?"

"Ndinali ndi mayi mmodzi ndi mwamuna mmodzi, Angella. Wina akanapirira, wina sakanapirira. Iwe ukanatani?"

 Ndinangoti chabwino, koma tsopano agogo apita, tiyeni tikauze anthu, bambo aja abwerere kunyumba kwawo.

"Kuti anthu azidutsa pamanda a amayi n'kumaloza kuti uyu ndiye anapha mwana wake?" anatero. "Ndinawafunsa kale a Adamu. Akuti dzina lawo linazolowera, la amayi lisiyeni ligone."

Apa m'pamene ndinadziwa kumene Rukia ankapita pamene ankati akukagulitsa mpunga ku Dwangwa, pafupi ndi Nkhunga pomwe, n'kubwerako mochedwa, thumba lili lopanda kanthu ndipo ndalama osaoneka.

Rukia anatsogola, shuga anamutenga. A Adamu sanabwere kumaliro chifukwa akuchikazi anatumiza mawu kuti asayerekeze. Chaka chatha inafika nthawi yawo. Shehe wa kumeneko anachita zonse moyenera, sindingamunamizire, koma anthu onyamula jeneza ankachita kusowa wolandizana naye, moti Leonard, mkulu wa mpingo wathu ndi msana wake wovutawo, anapempha kuti agwireko ndipo anamulola.

Pobwerera tinakwera matola. Pafupi nane panakhala mayi wina wa kwathu konkuno, wamsinkhu wanga, amene tsiku lija analipo padooko ndipo anawomba nawo m'manja. Ataona maso anga anafunsa kuti maliro ndi a ndani. Ndinamuuza.

"Adamu uja anadya mlamu wake?"

Lonjezo langa linathera pamenepo. Ndinamufotokozera zonse kuyambira pa singano mpaka pa milomo yofiira, mokweza, galimoto yonse ikumva, Leonard akundikoka chitenje. Ndinalankhula njira yonse mpaka mawu anasasa. Mayiyo anamvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu, ndipo ndinaona ngati mwala umene ndinausenza zaka zonsezi ukutsika.

Titafika pa Ngala anatsika, anasenza dengu lake, n'kundigwira paphewa mwachifundo.

"Pepani amayi," anatero. "Anthu okhwima ndi choncho, amadziwa kukonza nkhani. Inunso anakupusitsani."

Anawoloka msewu n'kupita kukagula tomato.